Ofunsa a ku Zomba: mbiri ya Centre for Social Research

Mu 1979, chaka chomwe Yunivesite ya Malawi inakhazikitsa bungwe la Centre for Social Research ku Zomba, nkhani ya umphawi sinkakambidwa poyera m'dziko muno. Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda akaima pamsonkhano ankakonda kukumbutsa anthu ake kuti ufulu unawabweretsera zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha mvula ikamagwa. Wonena kuti kwinakwake ana akutupa mapazi ndi njala ankaoneka ngati akutsutsa Ngwazi, ndipo kumene otsutsa ankathera aliyense ankakudziwa. M'nyengo yotereyi ndi momwe munabadwa bungwe lomwe ntchito yake inali yoyenda khomo ndi khomo kufunsa amayi kuti banja ladya kangati dzulo, madzi amatunga kuti, ndipo mwa ana omwe anabereka atsala angati.

Ndalama zoyambira zinachokera ku UNICEF, nthambi ya United Nations yoona za ana. A UNICEF ankathandiza ntchito za madzi, zaumoyo ndi zamaphunziro m'Malawi muno, ndipo ankafuna anthu oti azipita kukaona ngati ntchitozo zikupinduliradi eni ake. Anagwirizana ndi yunivesite kuti pakhale malo amodzi ophunzitsirako Amalawi luso lofunsa, kuwerengera ndi kulemba malipoti. Chiyambi chimenechi ndicho chinaumba khalidwe la bungweli. CSR, monga ambiri amalitchulira, inabadwira kuyankha mafunso a yemwe akulipira, ndipo mphamvu zake ndi zofooka zake zonse zimachokera pamenepo.

Kufunsa Amalawi za moyo wawo sikunayambe ndi CSR. Mu 1938 boma la atsamunda linatumiza dokotala wina, Benjamin Platt, m'dera la Nkhotakota kukafufuza zomwe anthu amadya. Gulu lake linakhala m'midzi miyezi yambiri likuyeza ufa ndi ndiwo pasikelo, ndipo m'gululo munali Margaret Read, yemwe anadzatchuka ndi mabuku ake onena za Angoni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasokoneza ntchitoyo, zomwe anapeza zinagona m'makabati, mpaka zinadzasindikizidwa mu 1992, ambiri mwa omwe anayezeredwa ufa aja atamwalira kale. Nkhondo itatha, Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute ya ku Northern Rhodesia anakhala pakati pa Ayao, natulutsa buku la The Yao Village mu 1956. Ofunsa onsewa anali azungu. Amalawi ankamasulira, kulondolera njira ndi kusenza katundu, ndipo maina awo sankafika pachikuto cha buku.

Yunivesite ya Malawi itakhazikitsidwa mu 1964 zinthu zinayamba kusintha. Ophunzira oyamba 90 analowa m'kalasi ku Chichiri mu 1965, ndipo mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba. Aphunzitsi a mbiri yakale ankatuma ophunzira awo kuti patchuthi akakhale pansi ndi akuluakulu a kwawo n'kulemba mbiri ya mafumu ndi mafuko. Kings Phiri anafufuza za Achewa, Owen Kalinga za Angonde a ku Karonga, pamene wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, anatsata nkhani ya Mbona ku Nsanje ndi ya Gule Wamkulu. Koma mpanda unalipo. Bungwe lounika mabuku, lomwe linayamba mu 1968, linkaletsa chilichonse chomwe lakayikira. Mphunzitsi Landeg White anapitikitsidwa m'dziko muno mu 1972. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa ku Zomba pa 25 September 1987 n'kukakhala kundende ya Mikuyu mpaka May 1991, osazengedwa mlandu. Wophunzira aliyense ankadziwa mafunso oti n'kufunsa ndi oti n'kumeza.

Chomwe chinapulumutsa CSR n'chakuti mafunso ake ankaoneka osalakwa. Ndani angamange munthu chifukwa chowerenga mipopi? Kuyambira mu 1968, ku Chingale, anthu anayamba kukumba okha ngalande zoyalamo mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'phiri popanda injini, ndipo njirayi inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwina. Mu 1981 Louis Msukwa ndi Ben Kandoole anatulutsa lipoti la Water by the People, lounika ntchito ya madziyi m'boma la Zomba. Msukwa anatsogolera bungweli zaka zambiri, ndipo dzina lake lili pa malipoti ochuluka a nthawiyo. Koma munthu ukafunsa za mpopi umafunsanso kuti mayi amayenda mtunda wotani, mwana amatsegula m'mimba kangati, ndalama yokonzera mpopi ichokera kuti. Usanadziwe n'komwe, wayamba kufunsa za umphawi.

Nkhani inakula pa chakudya. Kafukufuku wa zaulimi yemwe ofesi ya National Statistical Office inachita mu 1980 ndi 1981 anayezanso ana, ndipo anapeza kuti oposa theka la ana osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Anapezanso kuti mabanja oposa theka akumudzi anali ndi minda yosakwana hekitala imodzi. Apa n'kuti ku Kanengo kukuimirira nkhokwe zazitali zija, ndipo boma likunyadira kuti Malawi amadzidyetsa yekha. Zonse ziwiri zinali zoona: chimanga m'dziko chinalimo, koma m'nkhokwe za mabanja ambiri chinkatha kukolola kukadali kutali, eni ake n'kumakagwira ganyu m'minda ya anzawo pa nthawi yomwe anayenera kupalira yawo. A CSR, mothandizana ndi a Cornell University ya ku America, anasanthula ziwerengerozo. Mu 1985 Wim Ettema ndi Msukwa analemba lipoti la ulimi ndi kunyentchera, ndipo kodikodi atawononga chinangwa ku Nkhata Bay cha m'ma 1986 ndi 1987, Msukwa ndi David Pelletier analemba za momwe uthenga wa tsokalo unayendera kufika kwa opanga ziganizo. Malipotiwa ankalembedwa mosamala, m'Chingerezi chozizira, matebulo ambiri kuposa ziganizo. Wofuna kumva ankamva.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendo ena omwe anagwira ntchito ndi CSR anameta bwinodi. Pauline Peters wa ku Harvard anayamba mu 1986 kutsata mabanja pafupifupi 200 a m'boma la Zomba, n'kumabwerera kwa omwewo kwa zaka 20. Anaona momwe kuloleza alimi ang'onoang'ono kulima fodya wa burley kunalemeretsera omwe anali kale ndi minda yaikulu, anzawo n'kutsalira, komanso momwe malo amayendera kuchikazi m'midzi yachikamwini. Kafukufuku woleza mtima chonchi ndi wosowa. Wambiri amakhala wa masabata ochepa: kufika, kufunsa, kukwera galimoto.

Anthu a m'tauni anachedwa kufunsidwa, chifukwa ambiri ankaganiza kuti umphawi ndi wa kumudzi. Lilongwe itakhala likulu mu 1975 inakula mothamanga: anthu pafupifupi 99,000 mu 1977, oposa 220,000 mu 1987, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza pafupifupi 989,000. Ochepa okha ndiwo anapeza nyumba za boma. Ambiri anadzazana ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi ndi ku Area 25, ena n'kumanga kunja kwa malire a mzinda ngati ku Chinsapo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene kwacha inkagwa ndipo nkhondo ya ku Mozambique inali itatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, Wycliffe Chilowa ndi Gillian Roe a ku CSR anayendera mabanja opeza zochepa mu Lilongwe ndi mu Blantyre. Anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama za mabanjawo linkathera pa chakudya chokha, ndipo ana awo ankanyentcheranso. Mu 1992 Roe anatulutsa lipoti la mavuto a amphawi a m'mizinda, ndi lina lofotokoza dera la m'mphepete mwa Lilongwe lomwe anthu anangomanga popanda pulani. Kwa wokhala ku Biwi zimenezi sizinali nkhani. Kwa a ku Capital Hill zinali zachilendo kuziona zitalembedwa ndi manambala.

Chaka chomwecho, pa 8 March 1992, maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ija, yomwe inanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka. Mu 1993 boma ndi United Nations anasindikiza lipoti lovomereza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse anali pa umphawi. Riferendamu ya pa 14 June 1993 inabweretsa matipate, ndipo Bakili Muluzi atapambana mu May 1994 anaika kuthetsa umphawi patsogolo pa mfundo zake. Zomwe ofufuza ankanong'ona kwa zaka khumi zinasanduka mutu wa msonkhano uliwonse. Ntchito inachuluka ku CSR: Edzi, ana amasiye, achinyamata, katangale. Kuyambira mu 2003 bungweli linagwirizana ndi bungwe la anthu aulumali la FEDOMA komanso SINTEF ya ku Norway pofufuza za moyo wa anthu aulumali m'dziko lonse, ndipo Alister Munthali, yemwe anadzatsogoleranso bungweli, analemba zambiri za umoyo wa achinyamata.

Ufulu unabweretsanso funso lomwe kale likanatengera munthu ku Mikuyu: kodi Pulezidenti akugwira bwino ntchito? Mu 1999 akatswiri atatu, Michael Bratton, Robert Mattes ndi Emmanuel Gyimah-Boadi, anayambitsa Afrobarometer, kafukufuku wofunsa nzika za maiko a mu Africa maganizo awo pa ulamuliro ndi chuma. Malawi anali mwa maiko 12 oyamba, ndipo ntchitoyo kuno inaperekedwa m'manja mwa CSR, Stanley Khaila ndi Maxton Tsoka ali mwa oitsogolera m'zaka zoyambirira. Nthawi iliyonse amafunsa anthu 1,200 kapena 2,400. Ambiri amaseka akamva nambalayi, amati anthu ochepa chonchi angayankhulire bwanji dziko lonse. Koma mayi wophika ndiwo samwa mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera. Amatakasa bwinobwino n'kulawa pang'ono. Luso lonse lagona pa kutakasako, kuti munthu wamkulu aliyense, wa ku Chitipa kapena wa ku Nsanje, akhale ndi mwayi wofanana wosankhidwa.

Nachi chomwe chimachitika maere akagwera dera ngati Biwi. Galimoto imaima pamalo omwe asankhiratu pamapu, anyamata ndi atsikana anayi n'kutsika ndi matabuleti, ziphaso zili m'khosi. Amayamba adziwitsa atsogoleri a deralo, kenaka aliyense amalowera kwake akuwerenga makomo, ena kuwadumpha, ena kulowa, monga mwa lamulo la kafukufukuyo. M'tauni kuwerengako n'kovuta, chifukwa kuseri kwa geti imodzi mumakhala nyumba yaikulu ndi tizipinda talendi tambiri, khomo lililonse banja lakelake.

"Odi kuno!"

"Eee, fikani. Kodi ndi za Mtukula Pakhomo?"

"Ayi mayi, ife tachokera ku yunivesite ku Zomba. Sitikulemba maina a chithandizo, tikungofuna kumva maganizo anu."

Nkhope ya mayiyo imagwa pang'ono, komabe amatulutsa mpando. Wofunsa amalemba akuluakulu onse aamuna kapena onse aakazi a pakhomopo, maere n'kusankha mmodzi, ndipo akafunsa bambo pakhomo ili, pakhomo lotsatira ayenera kufunsa mayi. Nthawi zina maere amagwera mtsikana wongobwera kumene kuchokera kumudzi, bambo mwini nyumba n'kukwiya kuti adumphidwa bwanji iwo odziwa ndale. Amawerenga kaye mawu opempha chilolezo, olonjeza kuti dzina silituluka ndipo munthu ali ndi ufulu wokana. Kenaka mafunso, pafupifupi ola lathunthu, makala akunyeka pambaula: chaka chathachi mwagonapo ndi njala kangati, mwasowapo madzi, mankhwala, ndalama, apolisi mumawakhulupirira bwanji, munaperekapo chiphuphu, chisankho chitakhala mawa mungavotere ndani. Funso lotsiriza limandisangalatsa: mukuganiza kuti watituma ndani? Ngakhale anauzidwa poyamba paja, alipo ndithu omwe amayankha kuti ndi boma. Pamapeto mayi uja amafunsa lake: "Nanga ifeyo tipindulapo chiyani, achimwene?" Yankho lomwe ofunsa amaphunzitsidwa ndi lakuti zotsatira zidzathandiza opanga mfundo za boma.

Ntchitoyi ili ndi zoopsa zake. Mphekesera za anamapopa zikabuka, monga zinachitikira mu 2002 ndi mu 2017 ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, mlendo wonyamula chikwama ndi makina amakhala pamoto. Palinso chinyengo cha ofunsa ena otopa, omwe amakhala pansi pa mtengo n'kudzaza okha mayankho. Crystal Biruk analemba buku lonse mu 2018, Cooking Data, lofotokoza moyo wa ofunsa a m'Malawi ndi sopo yemwe magulu ena amapereka kwa oyankha. Masiku ano tabuleti imasunga malo ndi nthawi, choncho kubera kwavuta. Ndipo kafukufuku asanayambe ayenera kuvomerezedwa ndi komiti younika ngati sapweteka anthu, monga ya ku National Commission for Science and Technology mu Lilongwe.

Andale anayamba kuidziwa bwino CSR mu May 2014. Kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote pa 20 May, Afrobarometer inalengeza kuti mwa anthu 100 alionse, 27 akufuna Peter Mutharika, 21 Lazarus Chakwera, 19 Joyce Banda, yemwe anali pampando, ndipo 14 Atupele Muluzi. A chipani cholamula anati kafukufukuyo ndi wabodza. Mavoti atawerengedwa, anayiwo anatsatana momwemo. Mu 2022 anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse anayankha kuti dziko likulowera kolakwika, ndipo kafukufuku wa mu 2024 anaika DPP patsogolo pa MCP, chaka chimodzi Mutharika asanapambanenso mu September 2025. Chodabwitsa n'chakuti chipani chilichonse chimayamikira Afrobarometer chikakhala kotsutsa, chikalowa m'boma n'kuyamba kuitukwana. Kwa ine chimenechi ndi chizindikiro chakuti ofunsawo akugwira ntchito yawo.

Pali malo amodzi pomwe mayi wa ku Biwi uja angalozeredwe phindu looneka ndi maso, ngakhale silinayambire kwa iye. Mu 2006 boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayesa ku Mchinji kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Ambiri ankati ndalamazo zithera ku kachasu. Candace Miller wa ku Boston University ndi Tsoka wa ku CSR anatsata mabanja olandira ndi osalandira mu 2007 ndi 2008, napeza kuti olandira ankadya bwino, ana awo ankapita kusukulu, ndipo ankagula nkhuku ndi mbuzi. Kafukufuku wina wa pakati pa 2013 ndi 2015 ku Salima ndi ku Mangochi, wa CSR ndi University of North Carolina, anatsimikiza zomwezo. Umboniwu unathandiza kuti pulogalamuyi, yotchedwa Mtukula Pakhomo, ifike m'maboma onse 28.

Wina asaganize kuti mantha anatha mu 1994. Pa 12 February 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College, kukamufunsa za chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zomwe zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi ananyanyala, Jessie Kabwila ali patsogolo, anayi anachotsedwa ntchito, ndipo maphunziro anasokonekera pafupifupi miyezi isanu ndi itatu mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anagonja mu October. Chinsinga yemweyo anadzakhala mkulu wa CSR, kenaka nduna ya maboma ang'onoang'ono mu January 2022. Mu 2021 yunivesite itagawidwa patatu, Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, ndipo CSR ikadali komweko ku Zomba.

Vuto lomwe silinachoke ndi la ndalama. Kafukufuku wambiri wa CSR ndi wochita kupatsidwa: bungwe lakunja kapena unduna umabwera ndi funso, ndalama ndi tsiku lomalizira. Akunja akatembenukira ku Edzi, onse amafufuza za Edzi, akatembenukira ku kusintha kwa nyengo, onse amatsatira. Mafunso omwe alibe wolipira amangokhala. Ndani anatsatapo bwinobwino momwe mabanki m'khonde akusinthira ngongole m'makwalala a Lilongwe, kapena moyo wa amakanika ndi owotcherera a ku Biwi Triangle, kapena Chichewa chomwe ana obadwira ku Mgona akuyankhula? Ofufuza za mbiri, zinenero, zipembedzo ndi zolembalemba ndiwo amavutika koposa, popeza ntchito yawo siilowa m'matebulo a opereka thandizo. Centre for Language Studies, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo mabuku a Kachere asunga mbiri yambiri ya mipingo ndi chikhalidwe, koma zonsezi zachitika movutikira. Sindikudzudzula ofufuza polandira ntchito zolipidwa, nawonso ali ndi ana kusukulu. Ndikudandaula kuti dziko lomwe lakhala pa ufulu kuyambira 1964 likudikirabe mlendo kuti alipirire mafunso okhudza ana ake.

Vuto lachiwiri lili m'manja mwa CSR yomwe. Mafunso amamasuliridwa mosamala m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti agogo akumudzi amve bwino. Zotsatira zimatuluka m'Chingerezi, kawirikawiri m'chipinda cha hotela, pamaso pa akuluakulu a boma, akazembe ndi atolankhani, ndipo chomwe chimafika pawailesi ndi nambala ya yemwe akutsogola pa chisankho basi. Zina zonse, za madzi, za chiphuphu kuchipatala, za njala, zimakhala pa intaneti pomwe oyankha aja sangazipeze. A Centre for Social Concern a ku Kanengo anaonetsa kuti n'zotheka: chiwerengero chawo cha ndalama zomwe banja la anthu 6 limafuna pamwezi chimafika m'nyuzipepala ndi pa zokambirana za malipiro. Harri Englund, yemwe anakhala ku Chinsapo n'kulemba buku lonena za pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma, anaonetsanso kuti Amalawi amakambirana nkhani zozama za chilungamo pawailesi m'chinenero chawo.

Pempho langa kwa akuluakulu a CSR ndi kwa omwe amawapatsa ntchito ndi ili: pa bajeti ya kafukufuku aliyense pazikhala ndalama yomasulira zotsatira m'masamba awiri a Chichewa ndi Chitumbuka, yogulira mphindi makumi atatu pawailesi, ndi yobwereranso m'madera ena omwe munafunsa kukawerenga zomwe mwapeza pabwalo la sukulu kapena la mfumu. Mtengo wake sungapose wa msonkhano umodzi wa kuhotela.